Tsiku limene hamala inakhala chete pathanthwe

Pakhonde la nyumba yanga kuno ku Salima pagona chitsulo chimene mlendo aliyense amafunsa kuti n'chachiyani. N'chobulungira, chachitali, cholemera moti munthu mmodzi sangachidzutse, ndipo thupi lake lonse lili ndi mizere yokalika kuchokera kumutu mpaka kumunsi. Mayi a ana anga anena kangapo kuti ndiitane anyamata ogula zitsulo zakutha adzachitenge. Ndimakana. Imeneyo ndi pisitoni ya hamala yanga yoyamba, hamala yoswera miyala imene imamangiriridwa pa mkono wa ekisikaveta, makina okumbira aja. Inagwira ntchito masiku 12 okha, koma inandidyera ntchito ya miyezi itatu, pampu ya ekisikaveta, ndi tulo.

Anzanga a makina akamandifunsa kuti hamala yodalirika ndi ya kampani iti, amayembekeza kuti nditchule dzina limodzi basi, iwo azipita. Ine ndimawapatsa mpando kaye, n'kuwaonetsa chitsulo chimenechi.

## Thanthwe

Ndili ndi ekisikaveta imodzi, ya matani 20, yomwe ndinagula itagwirapo kale ntchito kwina. Kuno kuchigwa baketi imakwanira. Ku Senga Bay ndi mchenga, ku Lifuwu ndi dothi lakuda la m'madambo a mpunga, ndipo ntchito zanga zambiri zinali kukumba maziko, kutsegula ngalande ndi kupakira matipa. Za hamala sindinaziganizepo.

Mu Okutobala 2023 kontirakitala wina anandipatsa ntchito yokumba ngalande ya paipi ya madzi, yokwera kukafika pa thanki pamwamba pa kaphiri. Malowo ali kumtunda, kumene msewu wa M14 umasiya chigwa n'kuyamba kukwera kulowera ku Lilongwe. Masiku atatu oyamba tinathamanga. Tsiku lachinayi mano a baketi anayamba kulira, kuthetheka moto, osalowa. Tinapala dothi ndi fosholo n'kupeza thanthwe lotuwa, losalala, lopanda ndi mng'alu womwe.

Kontirakitala sanachulutse gaga m'diwa. "Bwana, pezani hamala sabata ino. Mukalephera ndiitanitsa makina ena ku Lilongwe."

Obwereketsa ambiri safuna kupereka hamala yokha. Amafuna ibwere ndi makina awo ndi opareta wawo, ndiye ine ndikanangotsala woonerera. Usiku womwewo ndinalemba pa gulu lina la WhatsApp la anthu a makina. Pofika m'mawa munthu wina anali atanditumizira zithunzi: hamala yatsopano, penti wonyezimira, zizulo ziwiri, bokosi la masipanala ndi kabotolo ka mpweya wa nayitirojeni. Mtengo wake sunafike ndi theka la umene ena ankatchula. Dzina lolembedwa m'mbali mwake ndinali ndisanalimvepo. Nditafunsa anati, "Musadandaule bwana, ndi chimodzimodzi ndi za ku Korea zija, chasiyana ndi penti basi."

Ndinamufunsa zinthu zitatu. Mtengo womaliza, tsiku lofika, komanso ngati mapini ake angalowe pa mkono wa makina anga. Zonse anayankha bwino.

Ndalama ina ndinachotsa kubanki, ina mayi a ana anakatenga ku banki m'khonde m'dzina lawo. Asanapite anandifunsa funso limodzi, ali chiimire pakhomo atamanga kale chitenje: "Bambo, ikawonongeka munthuyo mukam'peza kuti?" Ndinawayankha kuti ndi yatsopano. Sananenenso kanthu, anapita.

## Masiku 12

Opareta wanga ndi mwana wa mlongo wanga. Mnyamata wa dzanja labwino, amatha kusalaza pansi ndi baketi mpaka womanga kusowa pokonza. Koma hamala anali asanaigwirepo, ndipo ine sindinaone kuti pali chophunzira. Makanika wina wa pafupi anatilumikizira mapaipi masana amodzi, mnyamata anaponda, hamala inagunda.

Phokoso lake limayamba kumveka m'chifuwa lisanafike m'makutu. Thanthwe lija linayamba kung'aluka. Amayi amene amaphwanya miyala ya kwale m'mphepete mwa msewu anasiya nyundo zawo n'kubwera kudzaonerera, kenako anayamba kutolera zidutswa m'mabeseni. Mmodzi wachikulire anandiuza kuti, "Achimwene, zimene chinthuchi chaswa m'mawa uno, ife ndi mwezi wathunthu." Mtima unakoma. Ndinajambula vidiyo n'kutumizira kontirakitala.

Zizindikiro zinayamba sabata yoyamba isanathe. Mapaipi awiri opita ku hamala ankaphiriphitha ngati njoka yopondedwa mchira. Ikamakwana 11 koloko, dzuwa la Salima la mu Okutobala litakhwima, thanki ya oyilo sinkagwirika ndi dzanja, ndipo mkono wa makina unkayenda mwaulesi. Tsiku lina mnyamata anatsika n'kundiitana.

"Amalume, tabwerani muone. Oyilo akutsika ndi chizulo."

Ndinayang'ana. Chizulo chinali chonyowa, chakuda bii, fumbi litamatirira. Ndinati ameneyo ndi girizi akusungunuka ndi kutentha, apitirize. Mumtima ndinkadziwa kuti girizi sayenderera choncho. Koma ngalande inali isanafike ndi pakati pomwe, madzulo mitambo inali itayamba kusonkhana chakunyanja, ndipo tsiku lililonse loima linali la ngongole.

Tsiku la 12, cha m'ma 2 koloko masana, kugunda kuja kunayamba kudukiza. Kawiri, kuima, kamodzi, kuima. Kenako zii. Injini ikulira, mapaipi atauma gwa, chizulo osasuntha. Mnyamata atayesa kukweza mkono, pampu inalira kulira kumene ndinali ndisanakumvepo, ngati chigayo chamezera mwala. Anazimitsa injini yekha osandifunsa. Zimene zinapulumuka m'makina aja zinapulumuka chifukwa cha dzanja lake pa kiyi.

## Kansalu koyera

Mnzanga wina anandipatsa nambala ya makanika wachikulire wa ku Lilongwe amene anakalambira m'makwale. Aliyense amangowatchula kuti madala. Anabwera pa minibasi, ndinakawatenga pa Kamuzu Road. Ananyamula chikwama chimodzi chachikale ndi botolo la madzi.

Titafika sanapite ku hamala. Anakhala pamwala pansi pa mtengo wa msangu, anapukuta thukuta, n'kundifunsa kuti, "Buku lake lili kuti?"

Ndinawapatsa kapepala kamene kanabwera m'bokosi. Masamba anayi, zithunzi zokhazokha. Anakatembenuza uku ndi uku n'kundibwezera.

"Hamala imeneyi imafuna malita angati a oyilo pa mphindi?"

Ndinakhala chete.

"Nanga makina anuwa akutumiza angati?"

Ndinakhalanso chete. Madala sanandinyoze. Anangogwedeza mutu pang'ono n'kuuza mnyamata kuti akwere pathanki amasule fyuluta ya oyilo wobwerera. Anatulutsa m'chikwama kansalu koyera, kong'amba ku malaya akale, anakayala pamwala n'kudonthezerapo oyilo wa m'fyulutamo. Oyilo analowerera m'nsalu. Pamwamba panatsala tinthu tonyezimira, tambirimbiri, ngati mamba a usipa pathandala. Anatulutsa maginito ya sipika ya wailesi yakale, anaiyandikitsa, ndipo tinthu tija tinaimirira tonse n'kulumphira komweko.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "hamala yanu siili apo pokha ayi. Ina ili m'pampu, ina m'mavalavu, ina m'masilinda. Oyilo ndi mmodzi. Chimene chaperepeseka kunsongaku chazungulira makina onse."

Ndinazizira nkhongono. Kufikira nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti ndataya hamala basi. Sindinkadziwa kuti chinthu chotchipa chomangirira kumapeto kwa mkono chingakaphe pampu, imene ili mtima wa makina onse.

Tinagoneka hamala pamitengo. Asanakhudze bawuti ndi limodzi lomwe, madala anayamba atulutsa mpweya wa nayitirojeni wa kumutu kwa hamala, n'kutiuza kuti womasula hamala mpweya uli momwemo akuitana maliro. Mabawuti anayi aatali amene amamanga mutu, silinda ndi kumunsi kukhala chinthu chimodzi tinalimbana nawo mpaka dzuwa kupendeka. Pisitoni tinaikoka anthu anayi ndi chingwe. Itatuluka, madala anagwira dzanja langa n'kuyendetsa chikhadabo changa chopingasa pathupi pake. Chinkakodwa pa mzere uliwonse.

Kenako anandifotokozera, ndipo mpaka lero ndimafotokozera ena momwemo. Oyilo wochokera ku pampu amakankha pisitoni kuti ikwere, ndipo ikamakwera imapanikiza nayitirojeni amene ali kumutu. Valavu ikatembenuka, mpweya uja pamodzi ndi oyilo amaigwetsera pansi, imamenya mutu wa chizulo, chizulo n'kumenya mwala. Zimenezi zimachitika ka 400 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi. Pakati pa pisitoni ndi silinda pali kampata konga kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo chimene chimaletsa zitsulo ziwirizi kukhudzana ndi kaoyilo kopyapyala kamene kamatsalira pamenepo. Oyilo akatentha kupitirira madigiri 80 amapyapyala ngati madzi, masilu, timphira totchinga oyilo kuti asadonthe, amauma, zitsulo n'kukumana. Za kuphiriphitha kwa mapaipi anati m'mbali mwa hamala muli kachipinda kena ka nayitirojeni, kotsekedwa ndi mphira, kamene kamameza kugunda kwa oyilo kuti kusabwerere ku pampu. Mphira wa kanga anali atang'ambika kalekale. Mapaipi aja ankandiuza, ine sindinkadziwa chinenero chake.

Anatenga tupa n'kukhudza nalo kumapeto kwa pisitoni. Tupa linaluma, linasiya chipsera. "Pisitoni yokhwimitsidwa bwino, tupa limangoterereka," anatero. "Iyi anaichotsa pamoto isanapse. Penti amaoneka pa chithunzi, koma kukhwima kwa chitsulo sikuoneka." Analowetsanso chala pakati pa chizulo ndi bushi wa kumunsi, chitsulo chobulungira chimene chimagwira chizulo kuti chiziyenda molunjika, chala chinalowa. Bushi wa masiku 12. Bushi akadyeka chizulo chimapendekeka, pisitoni imamenya chammbali, kukalika n'kuyambira pomwepo.

Ndinayamba kutukwana wogulitsa uja. Madala anakweza dzanja. "Theka ndi lake, theka ndi lanu."

Anandiwerengera. Pa makina a matani 20 ngati anga, pampu imodzi imatha kutulutsa malita opitirira 200 pa mphindi, ndipo mphamvu yake imapyola 300 bar (bar ndi muyeso wa kupanikizika kwa oyilo). Hamala za msinkhu umenewu, za chizulo cha mamilimita 140, zimafuna malita a pakati pa 120 ndi 180, pa mphamvu ya pakati pa 160 ndi 180 bar. Palibe anayeza, palibe anachepetsa. Paipi yobwerera, m'malo molunjika ku thanki kudzera mu fyuluta, tinaidutsitsa m'mavalavu, ndiye oyilo ankabwerera movutikira n'kumatentha. Atafunsa mnyamata mmene ankagwirira, zinatulukanso zina. Ankagunda malo amodzi mphindi yathunthu mpaka nsonga ya chizulo kufuka utsi. Ankakanula nacho miyala ngati chitsulo chokumbira dzenje. Mwala ukasweka ankachedwa kuchotsa phazi, hamala n'kumagunda mphepo, ndipo mphamvu imene inayenera kulowa m'mwala inkathera m'mapini ndi m'mabawuti. Mnyamata anagwetsa nkhope. Madala anamugwira paphewa. "Iwe sunalakwe, mwana wanga. Anakuuza ndani?"

Sanandiyang'ane, koma funsolo linali langa.

Pomaliza anazungulira hamala kufunafuna kachitsulo kolembedwa nambala yake. Panali sitika chabe, ya dzina ndi mtundu. Nambala ya hamala imeneyi payokha panalibe, adilesi ya fakitale panalibe. "Ndiye pisitoni tiitanitsa kwa yani?" Ndinaimbira wogulitsa pomwepo, foni ili pa sipika. Anayankha kuti vuto ndi opareta. Mawa lake foni inangoitana. Tsiku lachitatu nambala inali yosapezeka.

Madzulo amenewo ndinalowa m'nyumba ndili ndi kansalu kaja m'thumba. Mayi a ana anandiikira madzi osamba, anapakula nsima, osandikumbutsa funso lawo la pakhomo lija. Likanakhala bwino akanandikalipira.

## Kudikira

Madala anayeza pisitoni ndi masilu, tinalemba miyeso papepala n'kutumiza kwa munthu wa ku Johannesburg amene amagulitsa zida zotere. Anayankha moona mtima kuti popanda nambala angoyerekeza. Tinagwirizana zoyamba ndi masilu poti ndi otsika mtengo: akalowa, ndiye kuti pisitoni ya mtundu womwewo ilowanso. Panali nkhani ya madola, amene kubanki unkalembetsa n'kumadikira. Tili m'kati modikira, pa 9 Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mtengo umene ndinauzidwa Lolemba unali wina pofika Lachisanu. Masilu atafika pa basi, ena analowa, awiri anakula pang'ono. Pang'ono kwenikweni, koma oyilo wa 170 bar safuna khomo lalikulu. Madala anati tiileke, tisathire ndalama m'chitsime chouma.

Pampu inapita ku Lilongwe pa lole. Oyilo yense anatayidwa, thanki inatsukidwa, mafyuluta anasinthidwa kawiri.

Kontirakitala sakanandidikira, ndipo sindimuimba mlandu. Analemba ganyu amayi aja ndi amuna awo. Ankaunjika nkhuni ndi matayala akutha pathanthwe, kuyatsa madzulo, m'mamawa kuthira madzi, mwala n'kuthetheka, kenako nyundo ndi zizulo zamanja. Ndinkapita kukaona makina anga ali chiimire pambali, utsi wakuda ukuwadutsa. Mayi wachikulire uja anandipatsa moni n'kundifunsa kuti, "Pepani achimwene, chadwala chinthu chija?" Anafunsa ngati mmene timafunsira za mwana wa mnzathu amene wagonekedwa kuchipatala. Patapita masiku anabwera makina ena ochokera ku Lilongwe, ntchito inandichoka, mvula inagwa.

Mnyamata wanga anapita kugombe ku Senga Bay kukayanika usipa wa eni kuti apeze ya sopo. Ku banki m'khonde mayi a ana ankapita okha sabata iliyonse, kukakhala pamphasa pamaso pa amayi anzawo n'kumapepesa ngongole imene sanadye. Pa zonse zimene zinachitika, chimenechi ndi chimene chimandipwetekabe.

## Mayina

Miyezi imeneyo tulo tinkasowa, ndiye ndinkawerenga za mahamala pa foni mpaka tambala woyamba. Madala nawo ankandiuza zimene anaona, poti iwo anaphunzirira pa hamala za Krupp. Kampani ya ku Germany imeneyi inatulutsa hamala yake yoyendera oyilo mu 1967, Montabert ya ku France inatulutsa yake mu 1969, ndipo awiriwa ndi amene anatsegula njira. Mbali ya Krupp yopanga mahamala inagulidwa ndi Atlas Copco ya ku Sweden mu 2002, ndipo kuyambira 2018 mahamala amenewo amatuluka ndi dzina la Epiroc. Montabert tsopano ili m'manja mwa Komatsu. Rammer, imene inayamba ku Finland mu 1978, ili pansi pa Sandvik. Ku Japan kuli Furukawa ndi NPK, ku Italy kuli Indeco, ku Korea kuli Soosan, ndipo Caterpillar nayo ili ndi zake.

Chimene chinandigwira mtima m'mbiri imeneyi si kutchuka kwa mayinawa. Eni asintha, penti wasintha, koma munthu amene ali ndi hamala yakale ya Krupp akatchula nambala yake, masilu ndi chizulo zimapezekabe pamsika. Yanga ya masiku 12 inalibe poyambira kufunsa.

Ndinaphunziranso za Yantai, mzinda wa ku China umene uli ndi mafakitale ambiri a mahamala. Ambiri mwa iwo amatsata kapangidwe ka Soosan ndi Furukawa, n'chifukwa chake mumamva wogulitsa akutchula SB81 kapena 20G, mayina a mitundu ya mahamala a makampani awiriwa, pa hamala imene sinapondepo ku Korea kapena ku Japan. Apa ndisanamizire anthu. Si zonse za ku China zili zoipa. Mnzanga wa ku Nkhotakota ali ndi ya kumeneko, chaka chachitatu chino ikugundabe. Ili ndi nambala, ili ndi buku lathunthu, ndipo akalembera fakitale amamuyankha. Yake ili ndi mwini, yanga inalibe. Kusiyana kuli pamenepo, osati pa mbendera ya dziko.

Sindivomerezanso zoti dzina lalikulu palokha likupulumutsani. Hamala ya ku Ulaya, yabwino zedi, ikaima ku Thavite kapena ku Khombedza chifukwa cha kachida kamodzi koyenera kuchokera kunja ndi madola amene kubanki kulibe, yaimabe, ndipo kontirakitala sawerenga dzina la m'mbali. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kwa ife kuno, dzina lodalirika ndi limene zida zake zingatsike pa Kamuzu Road mawa, ndiponso pali makanika amene anatsegulapo hamala yake n'kuibwezera bwinobwino.

Ndiye ndikaima pamaso pa wogulitsa masiku ano, za mtengo ndimafunsa pomaliza. Ndimayamba ndi kachitsulo ka nambala. Ndimakajambula n'kutumiza ku kampani kapena kwa woiimira kuti atsimikize kuti ndi yawodi. Ndimapempha buku, ndione malita, ma bar, ndi kulemera kwa makina amene hamalayo inapangidwira. Mwachidule hamala imayenera kulemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a makina. Yoposa pamenepo imang'amba mkono, yochepa kwambiri imafa msanga ndi kupanikizidwa. Kenako ndimati, "Tandionetseni masilu, bushi ndi chizulo chake." Osati pa chithunzi ayi, pa shelefu. Wogulitsa akayamba kunena kuti zimenezo sizidzafunika chifukwa hamala yake siwonongeka, ndimatsanzika. Hamala imadzimenya yokha tsiku lonse. Zida zimenezo zinapangidwa kuti zizitha, ndipo wogulitsa woona amakuuza yekha usanafunse. Akadutsa zonsezi ndimafunsa kuti tsiku lomangirira adzabwera ndani kudzayeza oyilo.

## Yachiwiri

Ngongole ya banki m'khonde ndinaimaliza ndi ndalama za baketi, ntchito zamchenga zomwe zija. Hamala ina ndinagula patapita chaka, ndipo sindinapite ndekha, ndinatenga madala. Inali Soosan yogwirapo kale ntchito, penti wothothoka, yosaoneka bwino poyerekeza ndi yoyamba ija. Madala anapempha kuti aitsegule tisanalipire. Mwini wake analola, ndipo kulola kokhako kunandiuza zambiri. Tupa linaterereka. Nambala inatsimikizika.

Sindikunena kuti Soosan iposa Epiroc kapena Rammer. Ndikanakhala ndi kwale yogunda usana ndi usiku mwina ndikanawerengera mwamtundu wina. Ndinaitenga chifukwa chizulo chake ndi masilu ake ndinazigwira ndi manja anga m'shopu ina ku Lilongwe, ulendo wa maola awiri kuchoka pakhomo panga, komanso madala amaidziwa m'kati ndi kunja. Phukusi limodzi la masilu ndinagula tsiku lomwelo. Lili m'kabati kuchipinda, kumene dzuwa silifika.

Tsiku lomangirira linatha osaswa mwala ndi umodzi womwe. Anabwera munthu ndi chipangizo choyezera kayendedwe ka oyilo, anachilumikiza pamene pakanakhala hamala, n'kumachepetsa mpaka singano inaima pa malita 150. Valavu yotetezera anaiika pa mlingo wa m'buku. Paipi yobwerera inalunjika ku thanki. Nayitirojeni anamuyeza hamala itazizira, ndipo madala anandilumbiritsa kuti ndisadzalole munthu kupoperamo oksijeni wa owotcherera kapena mpweya wa kompuresa, ngakhale botolo litatha tili kutchire, chifukwa oksijeni akakumana ndi oyilo atapanikizika amaphulika. Manambala onse mnyamata anawalemba ndi penti woyera kuseri kwa chitseko cha makina.

Madala anakhala masiku awiri pambali pa ekisikaveta akuphunzitsa mnyamata, ine ndili kumbuyo kwawo ndikuphunzira nawo. Chizulo chiime njii pamwala, chisapendekeke. Kanikiza kaye mpaka kutsogolo kwa matcheni kupepuke, ndiyeno ponda. Yambira m'mphepete mwa thanthwe, osati pakati. Werenga mpaka 15, likakana suntha, fumbi la pansi pa chizulo likungomeza mphamvu. Girizi maola awiri aliwonse, chizulo chitakanikizidwa pansi kuti asadzaze kumene pisitoni imamenya, ndipo akhale girizi wa hamala wopirira kutentha, osati wa mapini uja. Madzi asafike polowera chizulo. Pochoka anang'amba kansalu kawo pakati n'kumupatsa mnyamata theka.

Mwezi watha tinali chakufupi ndi Benga, tikuswa mwala wa maziko a kalavati. Cha m'ma 10 koloko ndinamva hamala yaima. Phokoso limenelo likaduka mwadzidzidzi ndimabwerera ku kaphiri kaja, ndiye ndinasiya munthu amene ndinkayankhula naye n'kuthamanga. Ndinapeza mnyamata atatsika, chopopera girizi chili pansi, akupukuta chizulo ndi kansalu koyera n'kukakweza padzuwa.

"Zili bwanji?"

"Ndi girizi, amalume. Oyilo palibe."

Anapinda kansalu kaja, anakaika m'thumba la ovolosi, n'kukwera.